Ntchito za Mzinda Nza Yani? Nkhani ya ku Washington

 Nkhani imene ndadza nayo ikuchokera kutali, ku mzinda wa Washington, likulu la dziko la America. Komabe ndikhulupirira kuti isanafike ndi pakati pomwe mudzaizindikira, pakuti funso lake ndi lomwe lija timafunsana ife pa khonde la khonsolo: kodi munthu alowe ntchito ya mzinda chifukwa cha zimene akhoza kuchita, kapena chifukwa cha amene amdziwa?

Ku America kudali mwambo, umene udazika mizu makamaka kuyambira 1829 pamene Andrew Jackson adakhala Pulezidenti, wakuti chipani chikapambana pa chisankho chitenge ntchito za boma monga ankhondo atengera zofunkha m'mudzi umene augonjetsa. Kalaliki wa ku positi, wokhometsa msonkho wa padoko, mesenjala ndi mlonda wa pachipata, onsewo ankalongedza zawo n'kutuluka, osaba kanthu, osalakwa kanthu, mlandu wawo ndi wakuti mbuye wawo wagwa. Ndipo olowa m'malo mwawo, pozindikira kuti nsima yawo yachokera m'dzanja la chipani, ankabweza gawo la malipiro awo ku thumba la chipanicho, nathera nthawi ya ntchito akukopa anthu mavoti. Ochita zimenezi sankaona cholakwa, ankangoti wa m'kachisi adya za m'kachisi. Pulezidenti aliyense watsopano ankapeza makonde a White House atadzaza ndi amuna onyamula makalata owachitira umboni, yense akukumbutsa za thukuta limene adakhetsa pa kampeni.

Mmodzi wa amuna otere adali Charles Guiteau, loya wolephera ndiponso wosokonekera mutu, amene adalemba kachikalata kotamanda James Garfield pa chisankho cha 1880, nadzinyenga kuti Garfield wapambana chifukwa cha iye, motero ayenera kumtuma ku Paris kukaimira dziko. Adapondaponda miyezi ingapo pakati pa White House ndi ofesi ya nduna yoona zakunja, James Blaine, kufikira adamuuza kuti asadzatchulenso nkhaniyo. M'mawa wa pa 2 Julaye 1881, Garfield, atangokhala pampando miyezi inayi, adalowa m'chipinda chodikiriramo pa siteshoni ya sitima ya Baltimore and Potomac ali kucheza ndi Blaine. Guiteau adadzera kumbuyo kwawo nawombera kawiri, chipolopolo china n'kungopala mkono, china n'kulowa kumsana. Madokotala adafunafuna chipolopolocho ndi zala zosasamba, bala lidatukusira, ndipo atazunzika masabata khumi ndi imodzi Pulezidentiyo adamwalira pa 19 Sepitembala. Pamene padali siteshoniyo lero paima nyumba yosungiramo zithunzi ya National Gallery of Art.

Maliro amenewa adachita chimene olemba nyuzipepala ndi alaliki adalephera kuchita pa zaka zambiri. Pa 16 Januwale 1883, Chester Arthur, wolowa m'malo mwa Garfield, munthu amene iye mwini adakwera chifukwa cha mwambo wogawana ntchito pa doko la New York, adasayina lamulo lodziwika ndi dzina la Seneta George Pendleton wa ku Ohio. Lamulolo lidati ntchito zina za boma azilowa anthu okhoza mayeso opikisana, otsegukira aliyense. Lidaletsa kuchotsa munthu chifukwa chokana kusonkhera chipani. Ndipo lidakhazikitsa bungwe la Civil Service Commission kuti liziyang'anira zonsezi. Poyamba lidakhudza ntchito imodzi yokha mwa khumi zilizonse, koma lidakula pang'onopang'ono, ndipo chigawo cha New York chidapanga lamulo lotero chaka chomwecho, Massachusetts chaka chotsatira, mwambowo n'kutsikira ku maboma a mizinda.

Apa ndifuna tiime pang'ono, chifukwa ambiri akamasimba mbiriyi amathamangira kutamanda mayeso ngati kuti mayeso okha adatha zonse. Anthu akuda a mu Washington, ana ndi adzukulu a akapolo, adalandira lamuloli ndi manja awiri, popeza pepala la mayeso silionetsa khungu la wolemba. Ambiri adakhoza, nakhala makalaliki ku positi ndi ku nthambi ya zachuma, namanga nyumba zawo ndi kuphunzitsa ana awo. Koma Woodrow Wilson atakhala Pulezidenti mu 1913, nduna zake zidayamba kupatula akuda ndi azungu m'maofesi, m'zipinda zodyera, ngakhale m'zimbudzi. Ndipo mu 1914 kudatuluka lamulo lakuti aliyense wofunsira ntchito azipereka chithunzi chake pamodzi ndi fomu. Ankati n'chotsekera njira anthu olemberana mayeso. Tsono taganizirani mkulu wa ofesi atakhala pa tebulo lake, patsogolo pake pali mayina atatu a okhoza koposa, monga mwa dongosolo la nthawiyo, kuti asankhepo mmodzi. Kale akadayang'ana malikisi, koma tsopano pafomu iliyonse pali nkhope, ndipo fomu ya wakuda, ngakhale ikhale yoyamba, aikankhira pambali osanena chifukwa, popeza palibe amene adzamfunsa chifukwa. Zithunzizo zidakhalapo mpaka 1940. Lamulo lidalipo, mayeso adalipo, malikisi adalembedwa molungama. Chimene chidasowa ndi bwalo limene wolakwiridwa akadapitako kukadandaula. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti ndiyo mutu wa zonse ndikunena.

Mzinda wa Washington weniweniwo uli ndi mbiri yachilendo. Suli m'chigawo chilichonse cha America, koma uli m'manja mwa nyumba ya malamulo ya Congress. Mu 1874, Alexander Shepherd, mtsogoleri wa mzindawo, ataumiza m'ngongole pomanga misewu ndi ngalande, Congress idathetsa boma la mzindawo niika makomishonala atatu osankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo kwa zaka pafupifupi zana limodzi anthu a m'likulu la dziko lonyadira ufulu sankasankha meya kapena khansala. Mphamvu zenizeni zidali m'makomiti a Congress, makamaka m'manja mwa John McMillan wa ku South Carolina, amene adatsogolera komiti yoona za mzindawo zaka zoposa makumi awiri, ali wosankhidwa ndi anthu a kutali amene sankamwa madzi a mu Washington kapena kuyenda m'misewu yake. Pofika 1970, anthu asanu ndi awiri mwa khumi alionse a mu mzindawo adali akuda, koma mipando yaikulu ya m'maofesi a mzinda, ya kupolisi ndi ya ozimitsa moto idakhala nthawi yaitali m'manja mwa azungu. Mu 1967 Pulezidenti Lyndon Johnson adaika Walter Washington, munthu wakuda, kukhala mtsogoleri wa mzinda; mu 1972 McMillan adagwa pa chisankho kwawo; ndipo pa 24 Disembala 1973 Pulezidenti Richard Nixon adasayina lamulo lopatsa mzindawo ufulu wodzilamulira. Walter Washington adasankhidwa ndi anthu kukhala meya, nalumbira pa 2 Januwale 1975 pamodzi ndi makhansala 13.

M'lamulo la ufululo mudali chiganizo cholamula khonsolo yatsopanoyo kuti pasanathe zaka zisanu ikhazikitse dongosolo lakelake lolembera antchito motsata kuyenera kwawo, ndi kuti antchito akale asalandidwe zimene adali nazo kale. Kufikira nthawiyo antchito a mzinda ankayendera malamulo osiyanasiyana, ambiri a iwo obwereka ku boma lalikulu, aphunzitsi awo, apolisi awo, makalaliki awo. Khonsolo idamanga mfundo kumapeto kwa 1978, chaka chomwe Pulezidenti Jimmy Carter adakonzanso malamulo a antchito a boma lalikulu, ndipo lamulo lotchedwa Comprehensive Merit Personnel Act lidayamba kugwira ntchito pa 3 Malichi 1979.

Kodi likunena chiyani? Ligawa antchito m'magulu. Unyinji uli m'gulu la ntchito zokhazikika, m'mene munthu amalowa mopikisana, nayesedwa chaka chimodzi, ndipo akadutsa pamenepo sachotsedwa popanda chifukwa cholembedwa. Pali kagulu kena kochepa kamene meya amasankha yekha, alangizi ake ndi omuthandiza pa mfundo, amene amabwera naye n'kupita naye. Ndipo ine ndiona kuti ichi n'chanzeru, pakuti mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu ayenera kukhala ndi anthu ake owakhulupirira, malinga chiwerengero chawo chikhale chodziwika ndipo malire ake asasunthidwe usiku. Wokhala mu mzinda amamuwonjezera malikisi pofunsira ntchito, lero malikisi khumi, kuti ntchito zisangothera kwa a ku zigawo zoyandikana za Maryland ndi Virginia amene msonkho wa malipiro awo umapita kwawo. Mabungwe a antchito ali ndi bwalo lawo, Public Employee Relations Board.

Koma chachikulu koposa ndi ofesi yotchedwa Office of Employee Appeals. Tinene kuti kalaliki wa ku nthambi ya misewu walandira kalata yomuchotsa ntchito, kapena yomutsitsa, kapena yomuimitsa masiku khumi kapena kuposapo. Ali ndi masiku 30 oti achite apilo. Mlandu wake sumvedwa ndi bwana amene adamchotsa, ngakhale ndi meya, koma ndi woweruza wa ofesi imeneyi, amene amaitana mbali zonse ziwiri, nafunsa nthambiyo kuti itulutse umboni wa cholakwacho ndi kuonetsa kuti idatsata ndondomeko. Ikalephera, woweruza akhoza kulamula kuti munthuyo abwerere pantchito ndi kulandira malipiro onse amene adamanidwa. Wosakhutira amapita kwa akuluakulu asanu a ofesiyo, amene amakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi pamene meya amakhala zinayi, ndipo kuchoka apo njira ya kukhoti ili yotseguka. Kalaliki amene adziwa kuti bwalo lotere lilipo akhoza kuyang'ana khansala m'maso ndi kumuuza mwaulemu kuti chiphaso chimene akupemphera mnzakecho sichingatuluke.

Ndikadakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo zonse zidayenda bwino, koma mbiri siitero. Miyezi iwiri lamulolo lisanayambe, umeya udalowa m'manja mwa Marion Barry, amene paunyamata wake adatsogolera ophunzira pomenyera ufulu wa anthu akuda. Za munthu ameneyu tiyenera kulankhula molungama. Adatsegula zitseko zimene zidali zotseka kwa mibadwo. Adayambitsa ntchito za achinyamata za patchuthi, ndipo mpaka lero mukacheza ndi agogo a m'dera la Washington mudzamva ambiri akunena kuti malipiro awo oyamba adachokera kwa Barry. Mabanja ambiri adachoka mu umphawi chifukwa cha ntchito za mzinda. Komabe chiwerengero cha antchito chidatupa pamene anthu a mu mzinda ankachepa, kuchoka pa oposa 800,000 mu 1950 kufika pa osakwana 600,000 mu 2000. Ndipo m'maofesi ambiri zidadziwika kuti wokhulupirika kwa meya sakhudzidwa, agwire ntchito kapena asagwire. Akulu adanena kuti khoswe wa pamkhate sapheka. Chitetezo chimene chidaikidwa kuti chitchinjirize wolungama chidasanduka pobisalira waulesi, pakuti mabwana, poopa ndale ndi kutalika kwa milandu, adaleka kulemba zolakwa za antchito awo.

Sikuti cholakwa chonse chidali cha meya. Congress idasiyira mzinda ngongole yaikulu ya penshoni za apolisi, ozimitsa moto ndi aphunzitsi, niuletsanso kukhometsa msonkho pa malipiro a anthu ogwira ntchito mu mzinda koma ogona kunja kwake. Koma amene adamva kuwawa sadali a m'makomiti. Pofika 1995 ndalama za mzinda zidaperewera ndi madola 722 miliyoni. Makhoti adalanda mzinda ulamuliro wa nyumba za anthu osauka ndi wa chisamaliro cha ana osowa owalera. Ndipo chipale chitagwa kwambiri mu Januwale 1996, misewu ya m'makwalala ambiri idakhala masiku osalambulidwa, okalamba ndi odwala atatsekeredwa m'nyumba. Mu Epulo 1995 Congress idaika bungwe la anthu asanu, lotsogoleredwa ndi Andrew Brimmer, kuti ligwire chuma cha mzinda, ndipo mu 1997 lidapatsidwanso nthambi zisanu ndi zinayi zimene zidachotsedwa m'manja mwa meya. Ufulu umene adaulirira zaka zana udatsala pang'ono kuwapulumuka, ndipo bungwelo lidaleka ntchito mu 2001.

Pamenepo maganizo adatembenukira mbali ina. Anthony Williams, mkulu wa zachuma amene pambuyo pake adakhala meya mu 1999, adapatsidwa mphamvu yochotsa antchito a m'nthambi yake popanda njira yaitali ija, ndipo adachotsa ambiri. Mu 1998 khonsolo idasintha lamulo n'kupanga gulu latsopano la mabwana apakati amene angachotsedwe nthawi iliyonse. Mabuku a chuma adawongoka, ichi sitingakane. Koma amene amaganiza kuti kuopa kuchotsedwa ndiko kumabala kukhulupirika amve ichi. M'nthambi ya msonkho, imene ili pansi pa ofesi yomweyo ya mkulu wa zachuma, mudali mayi wina wa udindo wapakati, Harriette Walters, woyang'anira zobweza ndalama kwa olipira msonkho wa nyumba mopitirira. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri ankalemba mapepala abodza obwezera ndalama makampani a abale ndi abwenzi ake, macheke n'kumatuluka, iye n'kumagawira anzake a muofesi mphatso ndi ndalama, ndipo anzakewo ankalandira osafunsa kuti malipiro a boma angabale bwanji zotere. Zonse pamodzi zidakwana madola 48 miliyoni. Adayamba kukayika ndi wantchito wa kubanki, poona cheke chachikulu chosamveka. Mayiyo adagwidwa mu Novembala 2007, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 17 ndi theka. Mantha a kuchotsedwa adalipo muofesimo, koma munalibe diso lachiwiri loyang'ana mapepala, ndipo munalibe wolimba mtima wonena chimene ankaona.

Ndipo chilakolako chogawa ntchito sichifa. Mu 2011, Vincent Gray atangolowa umeya, komiti ya khonsolo idafufuza nipeza kuti ana a akuluakulu ena oyandikana ndi meya adapatsidwa ntchito mokondera, ndi kuti munthu wina amene adapikisana nawo pa chisankho adalandira ntchito ya malipiro apamwamba mosatsata njira. Chibale ndi fupa, sichiola. Lamulo silingachichotse mu mtima wa munthu, koma likhoza kuchiletsa kulowa muofesi, ndipo chondilimbitsa mtima n'chakuti nkhaniyo idaululika, mboni zidaitanidwa poyera, ndipo olembedwa mokonderawo ambiri adachoka. Ngakhale m'boma lalikulu mkanganowu udadzukanso: mu Okutobala 2020 Pulezidenti Donald Trump adalamula kuti antchito ena okhazikika achotseredwe chitetezo, Joe Biden adafafaniza lamulolo mu Januwale 2021, ndipo Trump adalibwezeretsa mu Januwale 2025. M'dera la Washington, m'mene mabanja ochuluka amadya za ntchito ya boma, iyi ndi nkhani ya pa chakudya chamadzulo.

Tsopano tibwerere kwathu. Ife sitili osowa malamulo. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adakhazikitsa bungwe loona za antchito a boma, khoti la milandu ya pantchito ndi ofesi ya Ombudsman, imene yakhala ikuthetsa kulembedwa ntchito kosatsata ndondomeko m'mabungwe a boma. Tili ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndiponso bungwe lolemba antchito a makhonsolo. Koma tikumbuke kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo athu adayenda opanda makhansala, ndi kuti mu 2010 lamulo lidasinthidwa n'kuika m'manja mwa nduna mphamvu yosankha akulu a makhonsolo. Mkulu wa mzinda amene adziwa kuti kalata imodzi yochokera ku likulu ikhoza kumsamutsa sabata yamawa, adzamvera yani, mayi wogulitsa tomato amene akudandaula za zinyalala pamsika, kapena wolemba kalatayo? Ndipo wodula matikiti a pamsika amene adalowa ntchito chifukwa adavala nsalu ya chipani, ndalama akatolera adzaziona ngati za yani?

Munthu wa m'banja lodziwika sasowa lamulo lotere, pakuti ali ndi amalume ake omulankhulira. Amene alisowa ndi mwana wa mayi wamasiye wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene chuma chake chonse ndi setifiketi yosungidwa m'pulasitiki pansi pa sutikesi. Chifukwa cha iye ndikupempha makhonsolo athu, kuyambira ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kufikira ya boma laling'ono koposa, kuti ntchito iliyonse, ngakhale ya mlonda, izilengezedwa pa bolodi ndi pawailesi, m'chilankhulo chimene anthu amamva, ndi kuti intavyu ikatha malikisi a onse azisungidwa pamene wogonja angawaone. Mabwana aziphunzitsidwa kulemba zolakwa za antchito awo ndi kuwachenjeza m'nthawi yake, kuti waulesi asabisale kumbuyo kwa lamulo monga zidachitikira ku Washington. Ndipo amene agwira ndalama asakhale yemweyo wowerengera mabuku. Koposa zonse, wochotsedwa kapena wolambalalidwa akhale ndi bwalo la apilo limene oweruza ake sachotsedwa ndi nduna kapena meya, limene nthawi yawo pampando ipitirira nthawi ya amene adawasankha, limene liyenera kugamula m'miyezi yowerengeka, ndipo lizikakhala m'maboma momwemo, kuti kalaliki wa ku Ntchisi asagulitse mbuzi yake pofuna ndalama ya basi yokadandaulira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yobwezera kusankha kwa akulu a makhonsolo ku bungwe loima palokha, ndipo aphungu athu tiwafunse za ichi akabwera kudzatichezera.